Migolo ya malume Fabiano

Malume anga a Fabiano tinawaika m'manda mwezi wathawu, mvula itangoyamba kugwa, ndipo onse amene anayankhula pa maliro ananena chinthu chimodzi: anali munthu wosapusitsika. Wa mpingo ananena, woimira banja ananena, ngakhale anzawo ovina nawo ngoma, amene anabwera ndi zishango zawo, ananena zomwezo. Ine ndinali pansi pakati pa azimayi, nditafunda chitenje kumutu, ndikungoti mumtima: eya, nenani, lero ndi tsiku lanu. Sindikuti ankanama. Pa Mlangeni pano palibe amene anawapusitsapo malume. Koma kusapusitsika kwawoko kunatichotsera munthu m'banja mwathu, achimwene anga a Sitefano, ndipo pa malirowo palibe amene anawatchula dzina, chonsecho anali ataima chapatali pansi pa bulugamu pamodzi ndi anthu odutsa.

Malume anali mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini mbumba yathu. Bambo atamwalira tili ang'ono, ndi iwo amene anatilera ine ndi a Sitefano, choncho musaganize kuti ndikunena za mdani. Ndikunena za munthu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba, atazipinda kaye m'sitolo mpaka wogulitsa kudandaula kuti zithyoka. Ndi mmene analili. Akagula feteleza ankapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, kufuna mchenga. Akapatsidwa tiyi kwa eni ankayamba atakasa, n'kusuzumira pansi pa kapu. Ukawapatsa moni ukumwetulira kwambiri ankakufunsa chimene walakwa. Ankakonda kunena kuti chinthu chilichonse chobwera chotsekedwa pali wina amene anachitsegula kale, ndipo amene akulumbira kuti sanatsegule ndiye woyamba kumuyang'ana. Ife tinkaseka, poti tinkaziona ngati nthabwala za munthu wamkulu.

Ntchito yawo inali chigayo. Chinali kuseri kwa msika, m'kanyumba ka malata, cha injini ya dizilo imene inkamveka mpaka kuminda ya mbatatesi. Pakhomo pake panali mpando wawo wa ndalema, ndipo pa msomali pankapachikika wailesi, imene ankakangana nayo tsiku lonse ngati mkamwini wosamva. Wowerenga nkhani akati zinthu zili bwino, iwo ankamufunsa kuti kwa yani. Akati boma latsimikizira anthu, ankatsitsa mawu a wailesiyo n'kuuza azimayi odikira pa mzere kuti akonzeke, kukubwera mavuto.

Nkhani ya mafuta ankaidziwa ngati mbiri ya mtundu wawo. Ankati kale, nthawi ya chipani chimodzi, boma ndi limene linkaitanitsa mafuta kunja, ndipo iwo sankalikhulupirira. Zipani zitachuluka ntchitoyo inapita m'manja mwa makampani a eni, iwo n'kunena kuti angosinthana malaya. Kenako kunabwera nyengo ija mafuta anasowa dziko lonse. Pa boma magalimoto ankandanda kuchokera pa filing'i mpaka kupitirira msika, matumba a mbatatesi ankaolera m'mbali mwa msewu kudikira malole amene sankabwera, ndipo chigayo cha malume chinangoti zii. Azimayi anabwerera ku mtondo. Podutsa ndi madengu awo ankawaseleula: "Malume, chigayo chikudwala chiyani? Tikaitane abusa?" Malume ankangoyang'ana kumbali, koma zinkawadya. Munthu amene ankadzitama kuti amaona zinthu zisanafike, ulendo umenewo zinamupeza alibe ndi dontho lomwe.

Ndi nthawi imeneyo pamene tinayamba kumva kuti boma lakhazikitsa kampani yakeyake yamafuta. Ankati iziitanitsa mafuta kunja, komanso izisungako ena m'matanki akuluakulu m'mizinda, kuti zinthu zikavuta dziko lisaime. Pa wailesi ankaitchula kuti nkhokwe ya mafuta. Mawu amenewo ndi amene anawatokosa malume.

"Nkhokwe?" anatero, akuyang'ana azimayi a pa mzere mmodzimmodzi. "Nkhokwe imakhala pakhomo, mwini wake akuiona akadzuka. Imeneyo ili pakhomo pa yani? Wakwerapo ndani n'kusuzumira m'kati? Inu amayi, munganene kuti muli ndi chimanga chifukwa munthu wa ku Lilongwe wakuuzani kuti akukusungirani?"

Mafuta atayambanso kupezeka, anaganiza zokhala ndi nkhokwe yawoyawo. Izi ine sindinazione, anadzandiuza pambuyo pake ndi a Sitefano, chifukwa panthawiyo ankadziwa anthu awiri okha. Malume anagula mgolo wachitsulo, n'kumaudzaza dizilo pang'onopang'ono, chigubu lero, chigubu mwezi wamawa, kuti anthu asazindikire. Utadzaza anaitana a Sitefano, amene apo n'kuti ali bambo kale, akuyendetsa lole ya mbatatesi. Anakumba dzenje kuseri kwa chigayo, m'munsi mwa malata, n'kutsitsiramo mgolowo. Kenako malume anakanya dothi ndi ndowe, n'kumata pamwamba ponse pa mgolo, chotsekera ndi m'mbali momwe, monga mmene timamatira nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe.

"Malume, chitsulo chimadana ndi chinyezi," anatero a Sitefano. "Komanso pano ndi pamene madzi a padenga amagwera."

"Agogo ako ankasunga mawere chonchi, njala n'kudutsa iwo akudya," anayankha malume. "Ndamata kuti wina akakhudza ndidzadziwe. Kwirira."

Anakwirira, n'kuunjikapo mulu wa nkhuni.

Mukanawaona malume ndi a Sitefano masiku amenewo simukanakhulupirira zimene zinadzachitika. Ana awo enieni analipo, koma munthu wawo anali mphwawoyu. Ndi iwo anagulitsa ng'ombe kuti akaphunzire kuyendetsa galimoto, ndipo atabwera ndi chiphaso anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchiwalitsa padzuwa, kenako n'kupha tambala. A Sitefano atapeza ntchito yoyendetsa thankala, kutenga mafuta ku Beira pansi pa bwana wina amene ankanyamulira kampani ya boma ija, malume ankanyada ndithu, ngakhale kunyada kwawo kunali kwa mafunso. Achimwene akabwera kumudzi, awiriwa ankakhala pakhomo pa chigayo n'kuyamba mlandu wawo wa masiku onse.

"Matanki aja alipo, malume. Anamangidwa, ndinawaona ndi maso angawa. Thanki imodzi kutalika kuposa tchalitchi."

"Unaona kunja kapena m'kati?"

"Ndimakhuthuliramo ndekha. Pochoka ku doko amatseka thankala ndi mawaya awo, pofika amayang'ana ngati sanadulidwe, amaviika ndodo kuyeza, kenako ndiye ndikhuthule."

"Wakhuthula, wachoka. Watsala ndani?"

"Alonda alipo."

"Alondawo amawalonda ndani? Nanga anyamata aja amagulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu amawatenga kuti, amakama ng'ombe? Si inu nomwe madalaivala?"

Achimwene ankaseka, n'kunena kuti ena amachitadi, koma iwo ali ndi ana, sangasewere ndi ntchito. Malume ankawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti tiona. Amayi akamva zimenezi ankakalipira alongo awo kuti asiye kumuyesa mwana ngati thumba la feteleza.

Magetsi atafika kuno, malume anaika mota pa chigayo, injini ya dizilo n'kuifunditsa ziguduli. Magetsiwo sankawakhulupiriranso, choncho mgolo uja sanaukhudze. Unakhala pansipo zaka ndi zaka, dzinja likubwera ndi kupita, madzi a padenga akugwera pa nkhuni paja. Nkhunizo zikaola ankasinthapo zina.

Tsono mafuta anadzasowanso. Matanki analipo, kampani inalipo, koma pa wailesi ankati vuto ndi ndalama zakunja zogulira, ndipo mizere inabwerera pa boma monga kale. Koma abale, malume anasangalala. Ankakhala pa ndalema paja miyendo atapiringiza, aliyense wodutsa n'kumufunsa kuti nkhokwe ija yatsegulidwa kodi. Anthu ankabwera kudzawapempha, poti ankaganizira kuti munthu ngati ameneyu sangakhale chabe. Anabwera wa pampu yothirira dimba, anabwera wa lole, onse ankawayankha kuti chigayo ndi cha magetsi, dizilo achite naye chiyani. Thankala ya achimwene inali itaimikidwa kudikira katundu, choncho iwo anali kumudzi kuno masabata angapo, akuthandiza kudwazika amayi, amene apo n'kuti atagonekedwa ku chipatala cha pa boma. Masana ena ankakathandizanso malume ku chigayo. Zimenezi zinadzasanduka umboni.

Amayi anatisiya m'mawa wa Lachiwiri. Panafunika galimoto yokatenga thupi, ndipo galimoto yokhala ndi mafuta panalibe. Mnansi wathu wa lole anati lole ilipo, koma m'thanki mwatsala ongotsetserekera ku boma, obwerera palibe. Anthu atasowa chochita, malume anaimirira n'kunena kuti aliyense wamwamuna atenge khasu awatsate. Ine ndinatsatira nawo, ndi misozi yanga yomwe, chifukwa sindinkamvetsa kuti makasu akupita kuti manda asanalozedwe.

Anasuntha nkhuni, anakumba, mgolo n'kuonekera, womatidwa bwinobwino monga anausiyira. Nkhope ya malume tsiku limenelo sindidzaiiwala. Mlongo wawo anali atamwalira, maso anali ofiira, koma mapewa anali m'mwamba. Anauza anthu kuti boma ndi matanki ake lalephera, koma mlongo wa Fabiano abwera kwawo pa galimoto. Anagogoda dothi la pa chotsekera ndi chikwanje, anatsegula, n'kulowetsa paipi mpaka pansi.

A Sitefano anawayandikira n'kunena motsitsa mawu: "Malume, mafuta okhalitsa chonchi tiyambe tathira m'botolo tione. Paipinso isafike pansi."

"Mafuta angawa?"

"Kungoona chabe, malume."

"Za eni ndiye timayeza. Awa ndinathira ndekha, ndinamata ndekha. Nthawi ikutha, mayi ako akudikira."

Munthu amene ankasuzumira m'kapu ya tiyi sanasuzumire m'chigubu tsiku limenelo. Anadzaza zigubu, anathira mu lole, tinanyamuka. Kutsika ku boma inayenda bwino. Tinatenga bokosi, azimayi a mpingo anayamba nyimbo, tinatembenuka. Titakwera chitunda n'kuyenda ndithu, lole inayamba kutsokomola, inagwedezeka kangapo, n'kuzima. Mwini lole anatsika, anamasula fyuluta, ndipo chimene chinatuluka ndi madzi osakanikirana ndi zinthu zakuda ngati matope a m'dambo. Anazikhuthulira pamsewu tonse tikuona, n'kunena kuti galimoto yake yaphedwa.

Dzuwa linali pamutu. Bokosi la amayi linali pa lole popanda mthunzi, tinachita kulitchinga ndi zitenje. Azimayi anaimba mpaka nyimbo zinawathera, ena n'kuyamba kunong'onezana. Magalimoto ankadutsa apo ndi apo, odzaza mpaka pakhomo, palibe amene akanatha kutitenga. Malume anaima pamene panakhuthulidwa madzi paja, akuyang'ana pansi, kenako anatembenukira kwa achimwene. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi anthu atati ndi chisoni.

"Malo aja timawadziwa ndi anthu angati, Sitefano?"

"Awiri, malume."

"Ine ndi ndani?"

"Ndi ine. Koma ndinakuuzani kuti tiyambe taona."

"Eya, unandiuza. Unadziwa bwanji kuti muli kanthu koti tione? Masabata onsewa wakhala ukuzungulira kuseri kwa chigayo. Wapopa mafuta anga, wagulitsa kwa anzako a zigubu, wathiramo madzi, wamatanso. Kumata ndinakuphunzitsa ndine. Lero mayi ako ali padzuwa."

Ine ndinati, malume, si nthawi yake ino, iwo n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndi azimayi anzanga. Anthu onse anali atamva, ndipo ndinaona mitu ikugwedezeka, poti ndani sadziwa zimene amanenedwa madalaivala a mathankala.

Amayi anafika kwawo pa ngolo. Munthu wina wa mudzi wapafupi anatimvera chisoni, anamanga ng'ombe zake, tinaika bokosi pamene amaika matumba a mbatatesi, ife n'kumatsatira wapansi. Tinafika dzuwa litapendeka, adzukulu okumba manda atatopa kudikira, mwambo n'kuusunthira mawa lake. Manyazi amene ndinamva panjira imeneyo sindingawafotokoze, koma chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika kumanda.

Mukudziwa mmene timachitira manda akakwiriridwa. Woyendetsa mwambo amaitana anthu oika nkhata, kuyambira ana a malemu, ndipo amene amamuuza oti aitanidwe ndi mwini mbumba. Anaitana ine. Ndinapita, ndinagwada, ndinaika, ndinabwerera. Achimwene anali ataima kutsogolo ndi nkhata yawo m'manja, imene akazi awo analuka m'mawa. Woyendetsa mwambo anayang'ana malume, malume anapukusa mutu, ndipo anaitana alongo a malemu. Anaitana zidzukulu, anaitana a mpingo, anaitana mpaka anzawo a amayi a ku msika. Mwana wawo woyamba, wamwamuna yekhayo, sanaitanidwe. Anaima pomwepo mpaka pemphero lotsekera, kenako anapatsa akazi awo nkhatayo n'kuchoka osayang'ana munthu.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo kuno linasintha. Anthu sankati a Sitefano, ankati uja anabera maliro a mayi ake. Ana awo kusukulu ankafunsidwa ngati kwawo amamwa dizilo. Akazi awo anasiya kubwera ku chigayo, kenako anasiya kupita kutchalitchi, ndipo chaka chisanathe banja lonse linasamukira ku Balaka. Nyumba imene anamanga pafupi ndi ya amayi inatsala ndi loko.

Achimwene anayesa kukonza. Anabwera ulendo wina ndi akulu a mpingo awiri, anakhala pansi pa mphasa pamaso pa malume, bambo wa ana anayi, n'kunena kuti ngati pali pamene anawalakwira amukhululukire. Malume anati kukhululuka n'kosavuta, koma ayambe wanena kuti anagulitsa kwa yani.

"Ndivomere chimene sindinachite, malume?"

"Ndiye wabwera kudzatani?"

Akulu a mpingo anayesa kunena kuti mwina mgolowo unangolowa madzi. Malume anawafunsa ngati madzi ali ndi manja otsegulira chotsekera. Mgolowo n'kuti ataugulitsa kale kwa osula mbaula, sabata yomweyo ya maliro, akuti sakufuna kuuonanso. Achimwene anadzuka, anasasa thalauza, ndipo sanapondenso pakhomo paja.

Ine ndinakangana nawo malume kangapo konse, mpaka azakhali, akazi awo, ankandikoka chitenje kuti ndatha ulemu. Ndinkawauza kuti munthu munamulera nokha, mukumudziwa. Ankandiyankha kuti ndi chifukwa chake, wakuba wa kutali sadziwa pamene pali nkhuni. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi m'moyo mwawo monse sanalakwitsepo. Anandiyang'ana, n'kukweza wailesi. Koma mawa lake mwana wanga atadwala, ndi iwo amene anamubereka pa njinga mpaka ku chipatala, nkhalamba yotero, akukana kabaza kuti anyamata amenewa amathamanga mopusa. Munthu ameneyu kumuda kwathunthu kunali kovuta, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kwambiri.

M'miyezi yawo yomaliza, miyendo itatupa, ankandifunsa mafunso achilendo. Ankafunsa ngati msewu wa ku Beira anaukonza. Ankafunsa ngati madalaivala amapeza podyera akamadikira pa chipata. Dzina sankatchula. Ndikati, malume, ndiwaimbire abwere, ankati ndani, n'kutembenukira kukhoma. Ndinkaganiza kuti mtima ukufewa, kuti akufuna kukhululuka koma akusowa poyambira. Pano ndikudziwa kuti si kukhululuka kumene kunkawavuta.

Patatha sabata titaika maliro awo, anthu atabalalika, azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anayang'ana uku ndi uku ngati mwini wake atulukira, n'kundiuza kuti migolo inali iwiri. Wachiwiri malume anaukwirira okha, pakona pa khola lakale, nthawi imene achimwene anali ku ulendo, ndipo anaumata chimodzimodzi. A Sitefano sankaudziwa, ana a malume sankaudziwa. Azakhali anangoudziwa chifukwa ndi iwo anatunga madzi okanyira dothi.

"Rozina, mwana wanga," anatero, "titangoika mayi ako, pasanathe sabata, malume ako anapita kukhola kuja m'mawa ndi khasu ndi botolo. Ine ndinkaona ndili pa thandala. Anafukula, anatsegula, anapopa. Anakweza botolo padzuwa, madzi ali pansi, mafuta ali pamwamba. Anapala dothi lija ndi chikwanje, chala chawo n'kulowa m'chitsulo ngati m'papaya. Anakhala pansi pomwepo mpaka ng'ombe za eni zinatuluka. Kenako anakwiriranso."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati ndikadzatsegula pakamwa ndidzalongedze ndizipita kwathu."

"Azakhali, zaka zonsezi inu mukudziwa? Tsiku lija achimwene anakhala pa mphasa, inu munali pomwepo mukupereka madzi."

"Unkawadziwa malume ako," anatero, n'kuyamba kulira.

Sindinawakhulupirire msanga. Ndine mphwawo wa a Fabiano, ndinaleredwa pakhomo pawo, mawu okha sandikwanira. Ndinaitana ana awo aamuna, tinakumba pakona pa kholapo, ndipo mgolo unalipodi. Pamwamba ponse pamene panamatidwa panali patadyeka ndi dzimbiri, pali timabowo tambirimbiri, ndi bowo limodzi lalikulu lokwana chala. Botolo lija linali pambali pake, analikwirira limodzi.

Ndiye kuti pamene ankafunsa achimwene kuti anagulitsa kwa yani, ankadziwa. Pamene ankandiuza za wakuba wodziwa pamene pali nkhuni, ankadziwa. Ankadutsa pa nyumba ya loko ija tsiku ndi tsiku popita ku chigayo, akudziwa. Kunena kuti ndinalakwitsa kunawakulira kuposa kutaya mwana amene anamugulitsira ng'ombe. Ndawalira malume, inde, koma ndawakwiyiranso, ndipo sindikudziwa kuti chidzayambe kutha ndi chiti.

Ndinawaimbira achimwene tsiku lomwelo. Anali pa chipata cha ku Mwanza, pa mzere wa mathankala, ndinkamva ma injini kumbuyo kwawo. Ndinawafotokozera zonse, za khola, za botolo, za bowo.

"Achimwene, mukundimva?"

"Ndamva, Rozina."

"Bwerani mudzaone nokha. Mudzatsegule nyumba yanu."

"Anthu aja anali kumanda kwa amayi," anatero, "uwaitananso onse?"

Anati mzere ukusuntha, adzaimbanso, ndipo mpaka lero sanaimbe.

Mgolowo tinaugubuduza mpaka pakhomo pa chigayo, ndinauimika poonekera, dzimbiri lili pamwamba, kuti aliyense wopita ku msika aone. Chigayo chili chotseka, ana awo sanagwirizane woti achiyendetse. Pa msomali palibe wailesi. Kuseri, dzenje loyamba lija linatitimira, ndipo mvula ikagwa madzi a padenga amadikha pamenepo, nkhuku n'kumamwa. Anthu amadutsa, amaima, ndimawafotokozera, amagwedeza mutu. Dzana mayi wina, mmodzi wa amene anatchinga bokosi la amayi ndi chitenje tsiku lija, anapisa chala pabowopo, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati si ife tomwe taboola ndi msomali kuti tiyeretse m'bale wathu, poti a Fabiano sanali munthu wolakwitsa zinthu ngati zimenezi.

Mudzi uno ukanakhulupirira munthu mmodzi yekha pa nkhaniyi. Mpando wake wa ndalema uli pakhonde pa chigayo, wopindidwa, wotsamiritsidwa kukhoma, ndipo nsalu yake yayamba kuchita nkhungu.